Nthambi M'chubu: Mizu Iyambe, Masamba Pambuyo

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, koma mbande zake zimakonzedwa m'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala. Kwa ife okhala m'munsi mwa mapiri a Ndirande, Bangwe, Soche ndi Michiru, amene tidaona zimene madzi a namondwe wa Freddy adachita pa nthaka yopanda mitengo mu Malichi 2023, nkhaniyi si yokongoletsa pakhomo chabe. Mabulosi, cham'mwamba ndi kachere zimamera kuchokera ku nthambi, monganso maluwa a bougainvillea ndi hibiscus, ndipo nthambi yopempha kwa mnansi siilira ndalama.

Dulani m'mawa nthambi yokhwima pang'ono, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 15 mpaka 20. Mpeni udutse m'munsi mwa mfundo, pakuti mizu imatulukira pamenepo. Thotholani masamba am'munsi, musiye awiri okha kunsonga.

Ambiri amalakwitsa pa dothi. Katondo akanyowa amamatana, mpweya sulowa, ndipo nthambi imawola isanagwire. Musakanizeni ndi mchenga muyezo wofanana. Manyowa ayambe adikira, chifukwa kulibe muzu woti uwadye. Kaya ndi chubu, chitini kapena chigubu chodula, chiboolereni kunsi kuti madzi azituluka. Zikani theka la nthambiyo, ndipo musaitembenuze mutu.

Chimene chimanyenga anthu ndi masamba. Pakatha sabata ziwiri nthambi imatha kuphukira bwino, mwini wake n'kuithamangitsira padzuwa kapena kuiwokera kumunda. Komatu masambawo atuluka ndi chakudya chimene chidali kale m'nthambimo. Pansi palibe kanthu. Tsamba lililonse limataya madzi amene nthambi yopanda mizu singawabwezere, motero imafota m'masiku ochepa. N'chifukwa chake chubu chiyenera kukhala pamthunzi wowala, chovundikiridwa ndi botolo lapulasitiki lodula kunsi, lopanda chitsekerero. Mabotolowa, kunena zoona, ndi amene akutitsekera ngalande, ndiye apa apeza ntchito. Thirirani pokhapokha dothi lapamwamba likauma.

Zambiri zimagwira pakati pa sabata 4 ndi 8, bougainvillea amachedwerapo. Kokani nthambiyo pang'onopang'ono: ikakana, mizu yatuluka. Pamenepo chotsani botolo, muziyizoloweza dzuwa la m'mawa kwa sabata ziwiri, kenaka mudikire mvula ilowerere m'nthaka musanaidzale.