Pulinta Yopanda Chingwe: Tiilumikize Bwanji Pakhomo?

Ambirife tikudziwa kuti moyo wa kuno ku Britain ndi wa mapepala. Lero kalata ya mwini nyumba, mawa fomu yofunika kusainidwa, mkucha homuweki ya ana. Kukasindikiza ku laibulale kumafuna ndalama, ndipo ife a mashifiti nthawi zambiri timakapeza atatseka. N'chifukwa chake mabanja ambiri agula pulinta. Chomvetsa chisoni n'chakuti ina ikungodya fumbi pakona chifukwa inakana kulumikizika.

Choyamba timvetse kuti pa netiweki ya pakhomo, kompyuta siyankhulana ndi pulinta mwachindunji. Zonse zimadutsa pa rauta, kabokosi kaja kamene anatipatsa a kampani ya intaneti. Choncho pulinta, foni ndi laputopu ziyenera kukhala pa Wi-Fi imodzi. Foni ikakhala pa data kapena pa netiweki ya alendo, pulintayo siioneka.

Dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yake kawirikawiri zimalembedwa kumbuyo kapena pansi pa rauta. Ngati pulinta ili ndi kasikirini, tisankhe dzinalo n'kulemba pasiwedi mosamala, posiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Ngati ilibe, tiyang'ane batani la WPS. Tidine la pa pulinta, kenako la pa rauta pasanathe mphindi ziwiri. Marauta ena alibe batanili, ndiye tigwiritse ntchito pulogalamu ya pa foni ya kampani imene inapanga pulintayo, monga HP, Canon, Epson kapena Brother.

Pamene ambiri timagwa ndi apa. Marauta a masiku ano amaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz, koma mapulinta ambiri otchipa amamva 2.4 GHz yokha. Ikakanika kupeza Wi-Fi, tisafulumire kuibweza ku shopu. Tione kaye ngati 2.4 GHz ndi yoyatsa, ndipo tiisendeze pafupi ndi rauta.

A iPhone ali ndi AirPrint, imene Apple inayambitsa mu 2010, ndipo safunika kuikamo china chilichonse ngati pulinta imaidziwa. Mafoni a Android amasindikiza pa mapulinta okhala ndi chizindikiro cha Mopria. Malangizo otchula Google Cloud Print tiasiye, chifukwa inatsekedwa kumapeto kwa 2020.

Nanga pulinta imene dzulo imagwira bwinobwino koma lero kompyuta ikuti palibe? Nthawi zambiri rauta imakhala itaipatsa nambala ina ya IP. Tizimitse zonse ziwiri, tiyatse rauta kaye, pulinta pambuyo. Zikamabwerezabwereza, tiuze rauta kuti iisungire nambala imodzi yosasintha. Ndipo popeza ife timasamukasamuka, nayi nzeru ina: rauta yatsopano tiipatse dzina ndi pasiwedi ya yakale ija. Zipangizo zonse zidzalumikizika zokha.

Kwa ophunzira okhala m'mahositelo, mapulinta ambiri a pakhomo salowa pa eduroam chifukwa imafuna dzina ndi pasiwedi ya munthu payekha. Chingwe cha USB kapena Wi-Fi Direct ndi zimene zingathandize. Amene tikukhala nyumba imodzi ndi anthu ena tikumbukire kuti aliyense wa pa Wi-Fi yathu angathe kusindikizapo. Tisinthe pasiwedi imene pulinta inabwera nayo, ndipo pasipoti tisaiiwale pagalasi tikatha kusikana.

Pogula tifunse mtengo wa inki, osati wa makina okha. Inki imauma pulinta ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, pamene tona wa pulinta ya leza ndi ufa, sauma. Mapepala a kuno ndi A4, choncho kompyuta ikasankha Letter ya ku America, tisinthe kuopa kudula mizere ya pansi pa fomu.

Zikavutabe, tisachite manyazi kufunsa achinyamata athu pa msonkhano wotsatira. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.