Musanagule Botolo Lomeretsa Tsitsi

Anthu ambiri sadziwa kuti za tsitsi zimaonedwa ku chipatala cha matenda a khungu. Tsitsi likayamba kuthothoka, munthu amafunsa kaye wa ku saluni, kenako mlamu wake, kenako amatsikira ku msika wa Limbe kapena m'mashopu a zodzoladzola a mu msewu wa Haile Selassie kukagula mafuta a chithunzi cha mkazi wa tsitsi lofika m'chiuno. Kwa ife a khungu amafika zonse zitakanika, zaka zitapita, ndipo funso lake limakhala limodzi: "Adokotala, limeranso?"

Sindiyankha ndisanaone. Ndimapempha mayiyo kuti avule duku kapena wigi, bamboyo avule chipewa, ndiye ndimayang'ana pamutupo ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Chomwe ndimafuna ndi timabowo ting'onoting'ono totulukira tsitsi. Timabowoto tikakhalapo, ngakhale tsitsi palibe, tikhoza kukambirana za mankhwala. Khungu likakhala lasee, lonyezimira, lopanda ndi bowo limodzi lomwe, ndiye kuti pachita chipsera, ndipo ndimayenera kunena mawu omwe munthu sanabwerere.

Tsitsi lomwe timapesali n'lakufa kale, n'chifukwa chake kumeta sikupweteka. Chamoyo ndi kathumba kokwiririka m'khungu komwe kamalipanga. Pamutu pali timatumba totere pafupifupi 100,000, ndipo timabadwa nato tonse. Thupi silipanganso tina. Kathumba kalikonse kamameretsa tsitsi kwa zaka 2 mpaka 6, pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ngakhale lathu lopotanali limachedwerapo pang'ono. Kenako kamapuma miyezi ngati itatu, tsitsi lakale n'kugwa, latsopano n'kuyamba. Choncho tsitsi 50 kapena 100 lotsalira m'chipeso patsiku si matenda. Udzu wa kudambo ukapsa ndi lupsa umaphukanso mvula ikagwa chifukwa mizu ili moyo, koma pomwe athira simenti, thirirani mpaka chitsime chiume. Sayansi yonse ya tsitsi mpaka lero imatha kudzutsa muzu wogona. Kupanga muzu watsopano pamutu pa munthu sinafikepo.

Odwala omwe amandisangalatsa ndi aja tsitsi lawo limangoyoyoka mutu wonse nthawi imodzi. Ndikafunsa zomwe zinachitika miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, yankho limapezeka: anabereka, anadwala malungo aakulu kapena tayifodi, anachitidwa opaleshoni, kapena panagwa zovuta pakhomo. Thupi likakumana ndi zothina, timatumba tambiri timapita kopuma limodzi, ndipo tsitsi limadzagwa munthu atachira kale. Pakatha miyezi 6 kapena kupitirirapo pang'ono limabwerera lokha. Mafuta ambiri a mumsika mbiri yawo amaitengera apa. Mayi woyamwitsa amagula botolo tsitsi likugwa, limamera pa nthawi yake, iye n'kuuza amayi onse a kumvano kuti mafutawo ndi patali.

Nthawi zina tsitsi limangotiuza za matenda ena. Kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, ngakhale chindoko, chomwe chimadya tsitsi mwa apo ndi apo, zonsezi timazipeza poyeza magazi. Kwa ana a pulayimale vuto lalikulu ndi chipere, chomwe chimayenda kudzera m'zipeso ndi makina ometera osatsukidwa. Makolo amapaka kirimu, amapaka adyo, ena mpaka mafuta a mabuleki a galimoto, mwana n'kupsa khungu. Chipere cha m'mutu chimalowa m'kati mwa tsitsi momwe chopaka sichifika. Chimafuna mapiritsi akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo chikalekereredwa n'kuchita mafinya chimatha kusiya chipsera cha moyo wonse.

Koma nkhani yomwe imandidya mtima ndi ya amayi ndi atsikana omwe tsitsi la m'mbali mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu latha. Pitani Loweruka ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, muone wolukidwa atakhala pa mphasa pakhonde, mutu uli pakati pa mawondo a woluka, nsidze zitakokekera m'mwamba. Woluka amati ikalimba ndiye ikhalitsa, ndipo sakunama, ndalama ya mesh si yotaya pa masabata awiri. Madzulo ake mwini mutu amamwa panado kuti agone. Pakapita masiku angapo m'mbali mwa mizere mumatuluka tiziphuphu. Ululu ndi tiziphuphu timeneto ndi kulira kwa timatumba ta tsitsi tikuzulidwa pang'onopang'ono. Zaka zoyamba timachira. Kukoka kukapitirira chaka ndi chaka, timafa, ndipo mayi amayamba kuluka mesh yolemera kwambiri kuti abise pomwe patha, n'kumalizitsa pomwe panatsala.

Amene anayeza bwino kukula kwa vutoli ndi Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa ku University of Cape Town. Mu 2007 iye ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza ku Langa, mumzinda wa Cape Town: amayi pafupifupi 32 pa 100 aliwonse ndi atsikana a sukulu 17 pa 100 aliwonse anali ndi vuto la tsitsi lotha chifukwa chokokedwa. Anapezanso kuti choopsa kwambiri n'kuluka kapena kusokerera wivi pa tsitsi lomwe laikidwa rilakisa, chifukwa mankhwalawo amakhala atalifooketsa kale. Malukidwe a ku Langa sasiyana kwenikweni ndi a ku Chilomoni. Ine sindiletsa munthu kuluka, ndipo ndikanaletsa palibe akanandimvera. Ndimangoti ikamapweteka, imasulidwe tsiku lomwelo. Mukaika rilakisa, padutse masabata awiri musanaluke. Mesh isathe miyezi iwiri ili m'mutu, ndipo mutu uzipuma musanalukenso. Guluu womatira wigi m'mbali mwa chipumi ndiye sindimuonera ubwino uliwonse. Mwana wa zaka zinayi yemwe akulira polukidwa sikuti ndi wamatama.

Pali mtundu wina wa kutha kwa tsitsi womwe umayambira pa liwombo n'kumafalikira mbali zonse, makamaka kwa amayi a chikuda. Ena amamva kuyabwa kapena kuwawa akakhudza, ena samva kanthu mpaka mnzawo wa kumbuyo m'minibasi atawauza. Kwa zaka zambiri madokotala ankangoloza chala chipeso chamoto ndi rilakisa. Mu 2019 Pulofesa Ncoza Dlova wa ku University of KwaZulu-Natal ku Durban, pamodzi ndi anzake a ku Israel ndi ku America, anasonyeza kuti ena mwa amayiwa ali ndi kusintha kwa chibadwa pa jini yotchedwa PADI3, yomwe imathandiza kuumba tsitsi. Ndiye kuti vutoli limayendanso m'magazi a kumtundu, ndipo kukoka ndi mankhwala zimangokolezera. Kwa ine kafukufuku ameneyu ndi wofunika kuposa zambiri zomwe zimatchuka pa intaneti, chifukwa anachitika pa mitu yonga yathu. Mtundu uwu umasiya chipsera. Mankhwala oletsa kutupa, opaka, obaya pamutu kapena akumwa monga doxycycline, amapulumutsa tsitsi lomwe latsala. Lomwe lapita salibweza.

Abambo nawo ali ndi dazi lawo. Kuno timati dazi ndi chuma, ndipo timanena moseka, koma mu 2017 ku Milange, kungodutsa malire a Muloza, amuna a dazi anaphedwa ndi anthu okhulupirira kuti m'mutu mwawo muli golide, mpaka apolisi a ku Mozambique anachenjeza anthu poyera. M'mutu wa dazi mulibe golide, ndipo chipewa kapena helemeti ya kabaza sizibweretsa dazi. Mu 1942 wofufuza wa ku America, James Hamilton, anaonetsa kuti amuna ofulidwa asanathe msinkhu sachita dazi. Gwero lake ndi homoni yachimuna yotchedwa DHT, yomwe kwa anthu obadwa ndi chibadwa chimenechi, chochokera kuchimuna kapena kuchikazi, imafinya timatumba ta patsogolo ndi pa liwombo. Tsitsi lililonse latsopano limatuluka lopyapyala ndi lalifupi kuposa lomwe lagwa, mpaka kutsala ubweya wosaoneka. La kunkhongo ndi m'mbali silimva homoniyi.

Mankhwala awiri odalirika a dazi onse anapangidwira matenda ena. Minoxidil anali piritsi la BP, ndipo odwala anayamba kumera tsitsi ngakhale pomwe sanalifune. Mu 1988 boma la America linamuvomereza ngati mankhwala opaka pamutu. Finasteride anali wa abambo otupa prostate, ndipo mlingo wake wochepa unavomerezedwa pa dazi mu 1997. Iye amachepetsa DHT. Onse awiri amagwira, koma ogulitsa satchula zinthu zitatu. Zotsatira zimaoneka pakatha miyezi 4 mpaka 6. Amathandiza kwambiri dazi longoyamba kumene, osati la zaka makumi awiri. Ndipo mukasiya, tsitsi lomwe munapindula limagwa m'miyezi yochepa, kotero muwerengere mtengo wa botolo mwezi ndi mwezi kwa zaka zonse zomwe mukulifuna tsitsilo. Finasteride amachepetsa chilakolako cha m'banja mwa abambo ochepa, amatsitsa nambala ya PSA yomwe timayezera prostate, ndipo mayi woyembekezera kapena amene angatenge pakati asamwe. Amenewa si mankhwala ogawana ku bawo. Abambo ambiri ndikawafotokozera zonsezi amaseka n'kusankha kumeta mpala, ndipo ine ndimaona kuti asankha bwino ndithu.

Komwe sayansi yayenda kwambiri posachedwapa ndi pa matenda aja munthu amadzuka n'kupeza kadazi kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kosalala, kosayabwa. Kwathu kuno amati afiti amumeta usiku. Chomwe chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuukira timatumba ta tsitsi, koma osatipha. Kadazi kamodzi kapena tiwiri kawirikawiri timadzaza tokha chaka chisanathe, kapena tikabaya mankhwala pamalopo. Koma ena amatha mutu wonse, nsidze ndi zikope zomwe. Kwa amenewa kunalibe chodalirika mpaka mu 2022, pomwe ku America anavomereza baricitinib, piritsi lomwe linali la nyamakazi, ndipo mu 2023 anavomereza lina, ritlecitinib. Pa mayeso a baricitinib, munthu mmodzi mwa atatu omwe ankamwa mlingo waukulu anabwezeretsa tsitsi pa mbali yaikulu ya mutu m'masabata 36. Ofufuza ena omwe anatsegula njira imeneyi anali a gulu la Angela Christiano wa ku Columbia University, yemwe nayenso anadwalapo matendawa. Mankhwalawa ndi okwera mtengo zedi, komanso amatsitsa chitetezo cha m'thupi n'kutha kudzutsa TB yogona. M'dziko lomwe TB ndi HIV zili paliponse, sindingalembere munthu mankhwala otere ndisanamuyeze, ngakhale atawaitanitsa yekha ku Johannesburg.

Nanga zomwe mumatumizirana pa WhatsApp zoti mankhwala a dazi apezeka? Pali zenizeni m'kati mwake. Mu 2011 gulu la George Cotsarelis ku University of Pennsylvania linapeza kuti pamutu wa dazi maselo oyambitsa tsitsi akadalipo, angoleka kugwira ntchito, ndipo makampani angapo akuyesa mankhwala owadzutsa. Mu 2012 Takashi Tsuji ku Japan anaumba timatumba ta tsitsi kuchokera ku maselo n'kutimeretsa pa mbewa. Mu 2024 ofufuza a ku Sheffield ndi ku Pakistan anati mtundu wina wa shuga wameretsa ubweya, pa mbewanso. Mukamawerenga nkhani yotere, fufuzani kaye ngati ayesa pa mbewa kapena pa anthu, ndipo ngati ndi anthu, angati. Ubweya wa mbewa umamera mosavuta, ndipo mankhwala ambiri omwe anachita zodabwitsa kumeneko anakagwa atafika pa munthu. Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi n'kuchepetsa kuduka, zomwe n'zabwino, koma palibe mayeso odalirika osonyeza kuti amameretsa. A rosemary amadalira kwambiri kafukufuku mmodzi wa mu 2015 ku Iran, pa anthu 100 okha. Botolo lililonse lomwe likudzitcha mankhwala liyenera kukhala lolembetsedwa ku bungwe la PMRA, ndipo lomwe silinalembe zomwe zili m'kati ndimalikayikira, chifukwa ena amasakanizamo ma steroid amphamvu omwe amapyapyalitsa khungu.

Kuwokera tsitsi, komwe anthu andalama amapitira ku Istanbul kapena ku South Africa, nakonso sikupanga tsitsi latsopano. Dokotala amazula timatumba ta kunkhongo tosamva DHT n'kutibzala kutsogolo. Kunkhongo kukakhala kochepa, palibe potenga. Mizu ya tsitsi lathu ndi yopindika m'kati mwa khungu, kotero dzanja losazolowera limaidula pozula, ndipo amene khungu lake limachita zipsera zotupa aganize kawiri. Mayi wa tsitsi lotha ndi kukoka akhoza kuthandizika ndi njirayi, koma pokhapokha atasiya malukidwe omwe anamufikitsa pamenepo.

Ngati mwaona kusintha pamutu panu, yambirani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ku Limbe, ku South Lunzu kapena ku Chilomoni, akakulembereni kalata yopita ku chipatala cha khungu ku Gulupu. Dzijambuleni pafoni mwezi uliwonse, pamalo amodzimodzi ndi kuwala kofanana, chifukwa zithunzi zimenezo zimandiuza liwiro la vutolo kuposa momwe mungakumbukire. Tengani buku lanu la kuchipatala, popeza mankhwala ena omwe mukumwa kale akhoza kukhala gwero. Ndipo mukamabwera kuchipatala, masulani mesh dzulo lake, mutsuke mutu, musadzole kanthu. Pansi pa wivi yosokerera sindingaone timabowo tija, ndipo mudzangobwezedwa kuti mubwerenso sabata yamawa.