Kukonza ndondomeko ya chaka ya timu ya volleyball kusukulu

Ndondomeko ya timu ya volleyball ya pasukulu imayambira pa kalendala ya maphunziro. Ku Malawi sukulu zimatsegulira mu Seputembala ndipo chaka chimakhala ndi materemu atatu. Mayeso a JCE ndi a MSCE amalembedwa m'teremu yachitatu, ndipo mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo. Poti sukulu zambiri zimasewera pabwalo la dothi lopanda denga, mphunzitsi wa masewera amayamba walemba masiku a mipikisano, kenako n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo, akuchotsapo tchuthi, masabata a mayeso ndi masiku amene mvula ingawononge. Masabata otsalawo ndiwo chuma chake chenicheni, ndipo kawirikawiri amachepa kuposa mmene ankaganizira.

Masabata oyambirira ndi osankha osewera. M'bwalo mumalowa anthu 6 mbali iliyonse, koma timu yoyenera imafuna osewera 12, kuti poyeserera azigawikana pawiri. Apa mpamene aphunzitsi ambiri amalakwitsa: amadzaza timu ndi ana a Fomu 4 chifukwa ndi aatali ndiponso amphamvu, mayeso akayandikira n'kupezeka kuti timu yatha. Ana a Fomu 1 ndi Fomu 3, amene salemba JCE kapena MSCE chaka chimenecho, ayenera kukhala ambiri m'gululo. Nthawi yomweyi ndi yoyeza bwalo, lomwe limakhala mamita 18 m'litali ndi 9 m'lifupi, ndi kumanga neti pamlingo wake, mamita 2.43 kwa amuna ndi 2.24 kwa akazi. Kwa ana aang'ono neti itsitsidwe ndithu, chifukwa mwana amene mpira wake sukuwoloka amagwa ulesi msanga.

Teremu yoyamba yonse ipite ku zinthu ziwiri, kuseva ndi kulandira mpira. Ana amakonda kumenya mpira mwamphamvu pamwamba pa neti, popeza ndi pamene anzawo amakuwa ndi kuwomba m'manja, koma masewera a kusukulu amapambanidwa ndi timu imene sevisi yake imalowa ndipo mpira umene yalandira umafika kwa seta, amene amakwezera mpira omenya. Malamulo a masiku ano amapereka pointi pa mpira uliwonse umene wafa, kaya timu ndi imene yaseva kapena ayi. Seti imatha pa mapointi 25, opambana atatsogola ndi awiri, ndipo seti yachisanu imathera pa 15. Choncho sevisi iliyonse yogwera pa neti kapena kunja ndi pointi yopatsa adani mwaulere. Timu imaloledwa kukhudza mpira katatu kokha, ndiye woyamba akaulandira molakwika, seta ndi womenya amangothamangira kupulumutsa. Ngakhale mipira itakhala iwiri yokha, ana agawidwe m'timagulu ta atatu kapena anayi kuti aliyense aziwukhudza kambirimbiri. Mzere wautali wa ana odikira mpira umodzi umangodya nthawi.

Kutentha kwa Okutobala kumafuna madzi akumwa pambali pa bwalo ndi kuyeserera dzuwa litapendeka. Maminiti oyamba a tsiku lililonse akhale otenthetsa thupi ndi kuphunzira kutera bwino podumpha, chifukwa kubinya kwa akakolo, makamaka wina akatera pa phazi la mnzake pansi pa neti, n'kumene kumavulaza osewera ambiri.

Teremu yachiwiri ndi yomanga timu. Osewera amasinthana malo motsata kayendedwe ka wotchi nthawi iliyonse imene alanda sevisi, ndipo zimenezi zimasokoneza oyamba kumene. Njira yosavuta ndi ya 4-2, ya omenya anayi ndi maseta awiri, yoti seta mmodzi amakhala kutsogolo nthawi zonse. Ya 5-1, imene matimu akuluakulu amakonda, imafuna seta wokhwima ndipo ingadikire chaka china. Mwana wamfupi koma wachangu asatayidwe: malo a libero, amene bungwe la volleyball la FIVB linakhazikitsa mu 1998, ndi a wolandira mpira kumbuyo, wovala malaya osiyana ndi anzake. Tsiku limene bwalo ladzaza matope, timu ikhale m'kalasi n'kujambula kasinthidwe ka malo pabolodi. Masewera apaubale ndi sukulu zoyandikana ayambe teremu imeneyi, ndipo wina pa benchi azilemba masevisi amene alowa ndi amene aphonya, kuti zoyeserera za sabata yotsatira zichokere pamenepo.

Mpikisano ukayandikira, ntchito yolemetsa ichepe. Sabata yomaliza si yophunzitsa zatsopano. Ana abwereze zimene akudziwa kale ndipo apume mokwanira.

Zinthu zina sizioneka pabwalo koma zimagwetsa timu. Ndalama za ulendo, chakudya ndi mipira zipemphedwe kwa ahedi kumayambiriro kwa chaka, bajeti isanatsekedwe. M'sukulu zoyendera, ana ambiri amachokera kutali, ndipo atsikana amadikiridwa ndi ntchito zapakhomo, kotero makolo adziwitsidwe masiku ndi nthawi yoweruka, ndipo nthawiyo isungidwe. Mpikisano ukatha, mphunzitsi alembe zimene zayenda ndi zimene zavuta, awerenge katundu, kenako masabata otsala a teremu yachitatu awapereke kwa ana a Fomu 1 ndi Fomu 3, amene ndiwo adzanyamule timu mu Seputembala.