Nkhokwe yosaoneka imene imasunga mayina a nzika

Munthu akagula mayunitsi a magetsi pa lamya ya m'manja, akalipira bilu ya madzi kapena akatsegula akaunti kubanki, dzina lake limafufuzidwa m'kaundula amene sali papepala. Kaundulayu amakhala m'kompyuta yamphamvu yotchedwa seva, imene kawirikawiri ili kutali ndi ofesi imene munthuyo wafika. Mwini golosale wa ku Old Town, kalaliki wa ku City Centre ndi mwini nyumba wa ku Area 10 kapena Area 43, onsewa amadalira makina otere ngakhale ambiri sanawaonepo. N'chifukwa chake n'koyenera kuti nzika zidziwe mmene nkhokwe zimenezi zimasamalidwira.

Nyumba imodzi, zipinda zambiri

Akatswiri amatchula kaundula wotere kuti database. Zolembedwa zake zimasanjidwa m'mizere ndi m'magulu, kotero kuti dzina limodzi limapezeka m'kamphindi pakati pa mayina miyandamiyanda. Chitsanzo chodziwika ndi kaundula wa ziphaso za unzika. M'chaka cha 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo lero chiphasocho chimafunika kubanki ngakhalenso polembetsa nambala ya lamya.

Seva imodzi itha kusunga makaundula a mabungwe ambiri. Izi zikufanana ndi nyumba ya masitolo ku Old Town: mwini nyumba amasamala denga ndi magetsi ndi kulemba mlonda, pamene wochita lendi aliyense ali ndi chipinda chake ndi kiyi wake. Katundu wa m'chipindamo ndi wa wochita lendi, ndipo mnzake woyandikana naye alibe ufulu wosuzumiramo. Boma linatsata njira yomweyi pomanga National Data Centre ku Blantyre, imene Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegulira mu July 2022, ndi ina mu Lilongwe pansi pa ntchito ya Digital Malawi yothandizidwa ndi World Bank. Cholinga n'chakuti unduna uliwonse usamavutike kugula ndi kusamala makina akeake.

Udindo wa woyang'anira

Ntchito yoyamba ya woyang'anira seva ndi kugawa makiyi. Bungwe lililonse limapatsidwa kaundula wake, ndipo wantchito aliyense amapatsidwa dzina lolowera ndi mawu achinsinsi malinga ndi udindo wake. Kalaliki wolandira ndalama atha kuloledwa kulemba malipiro koma osaloledwa kufufuta ngongole. Wantchito akachoka, kiyi wake ayenera kutsekedwa tsiku lomwelo.

Ntchito yachiwiri ndi kusunga mbiri ya chilichonse chosinthidwa: amene wasintha, nthawi yake ndi chimene chinalipo poyamba. Kufunika kwa izi kunaonekera poyera m'chaka cha 2013 pa nkhani ya Cashgate ku Capital Hill. Kafukufuku anapeza kuti ndalama zaboma zinkalipiridwa kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, kenaka malipirowo n'kufufutidwa m'makina a IFMIS. Mayiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lawo ku bajeti, ndipo ululu wake unamveka mpaka kwa munthu wamba.

Ntchito yachitatu ndi kukopera kaundula yense nthawi ndi nthawi ndi kusunga makopewo pamalo ena, kuti moto, mbala kapena kuwonongeka kwa makina kusafafanize zonse nthawi imodzi. Kukopera kokha sikukwanira. Woyang'anira wosamala amayesa kubwezeretsa kaundula kuchokera ku makopewo, pakuti kope losayesedwa limatha kukana pa tsiku limene likufunika kwambiri.

Ntchito yachinayi ndi kuonetsetsa kuti makina sakuzima. Seva imafuna magetsi usana ndi usiku, komanso chipinda chozizira chifukwa imatentha. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi 130 megawatts, ndipo magetsi ankazimazima kwa nthawi yaitali. Pa chifukwa chotere malo osungira maseva amakhala ndi mabatire ndi majenereta.

Seva ikagwa

Zotsatira za kulephera pa ntchitozi zinaoneka kumayambiriro kwa chaka cha 2024, pamene ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera inaima kwa milungu ingapo. Mu February chaka chomwecho Pulezidenti anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali analowa m'makina a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo ankafuna dipo. Amalonda, ophunzira ndi odwala ofuna chithandizo kunja anasowa mtengo wogwira. Maofesi anali otsegula ndipo antchito analipo, koma popanda kaundula panalibe chimene akanachita.

Mbali ya nzika

Lamulo la Data Protection Act la 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira kasamalidwe ka zolembedwa zokhudza anthu. Lamuloli limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene bungwe likusunga za iye ndi wopempha kuti zolakwika zikonzedwe. Motero dzina likalembedwa molakwika kapena nambala ya puloti ikasokonezeka, mwini wake asazengereze kukadandaula, chifukwa cholakwika cha m'kaundula chimatsatira munthu kuofesi iliyonse imene imadalira kaundulayo. Malisiti a msonkho wa nyumba, a madzi ndi a chilolezo cha bizinesi asungidwe bwino, pakuti ndiwo umboni makina akasemphana ndi mwini wake. Nambala yachinsinsi isaperekedwe kwa wina aliyense, ngakhale woimba lamya atanena kuti ndi wa kuofesi.

Pa misonkhano ya komiti ya chitukuko ya wadi, nkhani zimakhala za misewu, ngalande ndi zinyalala. Pakafika nkhani yosamutsira zolembedwa za khonsolo pa kompyuta, nzika zili ndi ufulu wofunsa kudzera mwa khansala wawo mafunso atatu: kaundulayo akusungidwa kuti, ndani ali ndi mphamvu yomusintha, ndipo makope ake anayesedwa liti komaliza.