Kuŵala Kumene Kumakankha Zinthu

Munthu akaima padzuŵa amamva kutentha, koma samva kuti pali chimene chikumukankha. Komabe kuŵala kumakankha chinthu chilichonse chimene kwagwerapo. Mphamvu yake ndi yochepa zedi. Kuŵala kwa dzuŵa kumene kumagwa pabwalo lonse la mpira kumapsinja bwalolo pang'ono chabe, osafika ndi pa kulemera kwa shuga wa m'supuni yaing'ono.

M'chaka cha 1619, Johannes Kepler wa ku Germany anaganiza kuti dzuŵa ndilo limakankha mchira wa nyenyezi ya mchira, popeza mchirawo umaloza kumene kulibe dzuŵa. Panapita zaka zoposa 280 popanda munthu wotha kuyeza kukankha kwa kuŵala, mpaka Pyotr Lebedev anakuyeza ku Moscow m'chaka cha 1900.

Kanthu kakachepa, sikavuta kukankha. N'chifukwa chake akatswiri a sayansi amasema timitanda ting'onoting'ono ta silikoni. Silikoni amachokera mumchenga, ndipo ndiye amapangira zipangizo za m'kati mwa kompyuta. Timitandati n'toonda kotero kuti pafupifupi 100 titagundana ndi pamene tingalingane ndi tsitsi limodzi.

Pakamtanda kalikonse amaboolapo timabowo tondandalika pamzere, kenaka amaloŵetsamo kuŵala kwa nyali yamphamvu yotchedwa laser. Timabowo tija timatchinga kuŵalako ngati mpanda, ndipo kumangopita uku ndi uku kusoŵa potulukira. Paliponse pamene kwagunda, kumakankha. Tsono kamtanda kamayamba kunjenjemera monga momwe kachitsulo ka kalimba kamanjenjemerera kakakhudzidwa ndi chala. Kunjenjemerako nakonso kumasintha kuŵala kumene kuli m'katimo, kotero kuti poyeza kuŵala kumene kwapulumuka, akatswiri amadziŵa m'mene kamtandako kakugwedezekera.

Chodabwitsa koposa n'chakuti kuŵala kumathanso kuletsa kunjenjemera. M'chaka cha 2011, Oskar Painter ndi anzake a pasukulu yaukachenjede ya Caltech, ku America, anatenga kamtanda konjenjemera maulendo oposa 3,000,000,000 pa sekondi imodzi. Khutu silingamve kulira kotere, pakuti limalekezera pa maulendo 20,000. Iwo anayamba akaziziritsa kwambiri, kenaka anakonza laser yawo mwakuti kuŵala kukamatuluka kuzinyamulako mphamvu ya kunjenjemera kuja. Pang'ono ndi pang'ono kamtandako kanafatsa, mpaka kanatsala ndi kunjenjemera kochepetsetsa kumene chilengedwe sichilola kuti kuchotsedwe.