Mlonda wa Pachipata M'kati mwa Kompyuta

Anthu a ku Mchinji ndi a ku Chipata amamvana chinenero, amakwatirana, ndipo amalirana maliro. Komabe pachipata cha Mchinji-Mwami, chimene nyumba zake zatsopano zinatsegulidwa mu 2022, aliyense amaonetsa zikalata asanadutse. Chibale sichilowa m'malo mwa chiphaso. Wophunzira kupanga masamba a pa intaneti akamvetsa mfundo imeneyi, wapewa vuto limene lafooketsa achinyamata ambiri.

Tiyerekeze kuti mnyamata amene wangomaliza Fomu 4 wapanga tsamba loonetsa mitengo ya mtedza ya ku Kamwendo ndi ku Kapiri. Mitengoyo wailemba m'fayilo yapadera ya JSON, naisunga m'foda imodzi ndi tsambalo. Akalitsegula mu Chrome kapena Firefox, mutu ukuoneka bwino, koma mitengo kulibe. Iye amaganiza kuti walemba molakwa, mwinanso kuti ntchitoyi ikufuna bandulo, pamene zonse ziwiri si zoona.

Chimene chachitika n'chakuti browser yakana dala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya Netscape, pali lamulo loti tsamba liziwerenga zinthu zochokera kwawo kokha. Tsamba lotsegulidwa mwachindunji, limene adiresi yake imayamba ndi file://, limaonedwa ngati mlendo wosadziwika kumene wachokera, kotero ngakhale fayilo yoyandikana nalo imakhala ngati ili tsidya lina la malire. Firefox inakhwimitsa lamuloli mu 2019. Chifukwa chake n'chomveka: pakanapanda mlondayu, tsamba lachinyengo limene munthu wakutumizirani likanatha kuwerenga makalata ndi zithunzi zanu, n'kuzitumiza kwa mbala.

Njira yodutsira ilipo, ndipo siilira ndalama. Ngati m'kompyutamo muli Python 3, tsegulani malo olembamo malamulo muli m'foda ija, ndipo lembani kuti python -m http.server. Kenaka mu browser lembani localhost:8000. Pamenepo kompyuta yanu yasanduka seva yodzitumikira yokha. Tsamba ndi fayilo zakhala za mudzi umodzi, ndipo mitengo ija idzaoneka popanda intaneti konse. Njira ina ndiyo kuika patsambalo batani loti munthu asankhe yekha fayilo, pakuti chimene mwini wapereka ndi manja ake mlonda sachikana.

Ena amalangiza kuzimitsa chitetezo cha browser. Uku n'kugwetsa mpanda chifukwa chakuti chitseko chavuta.

Kwa inu aphunzitsi, phunziro lake ndi ili: kusowa kwa bandulo kusakulepheretseni kuphunzitsa lusoli, chifukwa kompyuta imodzi ndi yokwanira poyambira. Kwa inu ophunzira, tsamba likakana, dinani F12 muwerenge uthenga wofiira umene browser yalemba musanataye mtima. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

M'gawo lotsatira tidzaona m'mene makompyuta angapo a m'kalasi imodzi angawerengere tsamba lomweli.