Khoswe Wosamva Fungo ndi Matenda a Kukhumudwa

Pali nthenda ina imene munthu samva kuwawa mutu kapena m'mimba, koma mtima wake umangolemera kwa miyezi, chakudya osachifuna, tulo osabwera, ntchito imene anali kuikonda naitaya. Madokotala amaitcha depression, ife timati matenda a kukhumudwa. Amodzi mwa mankhwala ake oyamba, imipramine, anawayesa Roland Kuhn ku Switzerland, nalengeza zimene anapeza mu 1957. Koma mankhwala atsopano saperekedwa kwa anthu asanayesedwe pa nyama. Tsono apa ndipo pagona vuto, anzanga, pakuti khoswe tingamfunse bwanji ngati ali ndi chisoni?

Njira imodzi imene akatswiri anaipeza njodabwitsa, chifukwa imayambira pa mphuno. Kutsogolo kwa ubongo kuli tizigawo tiwiri totchedwa olfactory bulbs, timene timalandira uthenga wonse wa fungo. Kwa khoswe tizigawoti ntofunika koposa, pakuti iye amadziwa chakudya, mnzake ndi mdani mwa kununkhiza. Yense amene anaona nkhokwe itabooledwa usiku akudziwa zimenezi. Akatswiri amamgoneka khoswe ndi mankhwala, nachotsa tizigawo tiwirito. Pakapita masabata awiri khalidwe lake limasintha. Akamuika m'bwalo lowala kwambiri limene sanalionepo, amangothamangathamanga osakhazikika, amapsa mtima msanga, ndiponso amachedwa kuphunzira kupewa malo amene anapwetekedwapo. Brian Leonard wa ku Galway, m'dziko la Ireland, ndi mmodzi wa amene anafufuza njirayi zaka zambiri.

Wina angati, "Si chifukwa chakuti sakumva fungo basi?" Iyayi. Akangoononga mkati mwa mphuno ndi mankhwala a zinc sulphate, khoswe samvanso fungo, koma kuthamanga kuja sikuoneka motero. Chimene chasokonezeka ndi mitsempha yochokera ku tizigawo tija kunka ku mbali za ubongo zolamulira mantha ndi chikumbumtima cha zinthu zakale. Ngakhale mwa anthu, ofufuza apeza kuti odwala nthendayi ambiri samva fungo bwino.

Chimene njirayi amaikondera ndi ichi. Khoswe wotere akampatsa imipramine kamodzi kokha, palibe chimene chimasintha. Koma akampatsa tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri, amakhazikika ngati anzake. Ndi mmenenso zimakhalira ndi munthu, amene ayenera kumwa mankhwalawa masabata angapo asanapeze bwino. Njira ina, imene Roger Porsolt anaiyamba mu 1977, ya kuika khoswe m'madzi ndi kuona nthawi imene aleka kusambira, imaonetsa mphamvu ya mankhwala tsiku lomwelo, kotero sifanana kwenikweni ndi za m'chipatala.

Komabe ine ndikuona chokayikitsa. Munthu wokhumudwa kawirikawiri amangokhala chete, pamene khoswe uyu akuthamanga. Ndipo odwala athu palibe anawachotsa kanthu mu ubongo. Njirayi imadziwa kuloza mankhwala ogwira ntchito ngati akale aja, ndiye ikhoza kuphonya a mtundu wina. Mu 2019 dziko la America linaloleza esketamine, mankhwala amene amathandiza odwala ena m'maola ochepa chabe, ndipo wodwala amawapopera m'mphuno momwemo.